Tinkafuna kumutsuka magazi

Mlamu wanga anafika kwathu ku Chibavi m'mawa wina wa mwezi wa Julaye, nkhungu isanabalalike, atanyamula jumbo yakuda. Moni wanga anangouyankha ndi mutu. Analowa m'kachipinda kamene ndimasokeramo, anasuntha nsalu ya kasitomala, n'kukhuthula jumboyo patebulo. Munali timapepala tasiliva ta mankhwala, tija timaboola ndi chala potulutsa kapisozi, tonse topanda kanthu. Ndinayamba kuwerenga, koma nditafika pa 60 ndinaleka.

"Alamu, izi ndazipeza m'magambutsi mwawo ndi pansi pa mpando wa njinga. Ine ndatopa. Alankhuleni ndinu, mwina inu akumverani."

Pa kapepala kalikonse panalembedwa dzina limodzi lomwelo: tramadol.

Ndikulemba izi mwini nkhani atavomera. Anangondipempha zinthu ziwiri, kuti dzina lake ndisalitchule, komanso ndisanene kumene anakagonekedwa pomaliza. Mzuzu ndi mudzi, ukatsokomola ku Katawa a ku Zolozolo amakufunsa za chifuwa. Ndi mlongo wanga, wondiponda pamutu.

Ife kwathu ndi ku Ntcheu. Ine ndinabwera kuno kutsatira banja, iye anandilondola atalemba Fomu 4, ndipo patapita zaka anatenga njinga yamoto yapangongole n'kuyamba kabaza. M'dzinja la 2022 anaterereka pamatope atanyamula munthu ndi katundu wake, fupa la msongolo n'kuthyoka. Kuchipatala anamuika chikhakha ndi kumupatsa tramadol wa masiku ochepa. Amene anamulembera mankhwalawo sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono, munthu wothyoka fupa sangapepesedwe ndi panado yekha. Mavuto anayamba chikhakha atachichotsa. Amene munakhalako kuno mukuidziwa mphepo ya Juni mmene imalowera m'mafupa. Ndiye taganizani munthu wofunika kukhala ali pa siteji 5 koloko m'mawa, mwendo ukubaya ngati muli singano, mwini ngongole akuimba foni. Anapeza kasitolo kena kamene sikafunsa chikalata cha dokotala. Awiri m'mawa. Kenako awiri m'mawa, awiri masana. Anadzandiuza pambuyo pake kuti pofika chaka chachiwiri za mwendo anali ataziiwala, ankamwa kuti angokhala munthu: adzuke, asambe, alankhule ndi kasitomala osamukalipira. Kapisozi mmodzi amakhala wa 50 mg, ndipo mlingo umene munthu wamkulu sayenera kupitirira pa tsiku ndi 400 mg, kutanthauza makapisozi 8. Iye ankafika 15, tsiku lina kuposa pamenepo.

Zizindikiro zinalipo, wakhungu ndinali ine. Kuwodzera pakati pa nkhani, kudzikanda mphuno ndi mikono, kuwonda, kudandaula za kudzimbidwa, ndi timauthenga tija ta "achemwali tandiponyerani kangachepe pa Mpamba, tayala laphulika". Njinga imeneyo matayala ake ankaphulika kawiri pa sabata.

Amayi anakwera basi kuchokera ku Ntcheu. Amalume tinawaika pafoni, foniyo pakati pa mphasa. Amayi anati mwanayu amulodza anzake a pa siteji chifukwa cha nsanje ya njinga, tipite naye kuphiri kwa anthu a mapemphero. Amalume anati abwere kumudzi, kuli munthu wodziwa mankhwala osanzitsa, akasanza zonsezo n'kumutemera basi. Abambo akunyumba kwathu anati zonsezo n'zotaya ndalama, timutsekere m'chipinda sabata imodzi, mwamuna amapirira. Ine ndinali chete, chala chili pa chithunzi cha tiyi wina amene ankatsatsidwa pa gulu la WhatsApp, woti amachotsa poizoni yense m'thupi. Tinakangana mpaka nsima kuzizira, koma ndikaganiza lero ndimaona kuti tonse anayi tinkanena chinthu chimodzi. Tinkakhulupirira kuti m'thupi mwa mwanayu mwalowa uve, ndipo uvewo ukangotuluka nkhani yatha. Kusanzitsa, kutulutsa ziwanda, kutsuka magazi, zonsezi ndi zochapa. Tinkamuona ngati malaya ogwera m'matope.

Tinayamba ndi njira yaulere. Iye mwini anavomera, mutu uli pansi.

"Achemwali, mukhome loko. Ndikamalira musatsegule."

Tsiku loyamba linayenda bwino mpaka madzulo. Kenako kunayamba kuyasamula kosalekeza, misozi ndi mamina ngati wachimfine, thukuta kamukamu chonsecho akunjenjemera, tsemwe thupi lonse. Usiku wachiwiri kunabwera kutsekula m'mimba ndi kusanza nthawi imodzi, ndowa ndinakaitaya kasanu. Miyendo sinkakhazikika. Ankaiponda kukhoma, kuipinda, kuitambasula, kuimenya ndi zibakera. Tulo ngakhale ta mphindi imodzi ayi. Koma chimene chinandiopsa si ndowa ija. Anayamba kunena kuti m'mutu mukudutsa zinthu ngati magetsi, kuti kunja kwa zenera kwaima anthu, mtima ukugunda ngati wothamangitsidwa ndi agalu. Amayi atamva zimenezo anandiyang'ana. "Mwaonatu? Mukuti ndi mapiritsi amenewo?"

Anali mapiritsi. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti tramadol ali ndi nkhope ziwiri. Mbali imodzi amagwira ntchito ngati abale ake, codeine wa m'mankhwala ena a chifuwa, pethidine, morphine ndi heroin. Mbali inayo amakhudza ubongo mofanana ndi mankhwala ena a matenda okhumudwa. Ndiye munthu akamusiya mwadzidzidzi, pamwamba pa zowawa za m'thupi zija amatha kugwidwa ndi mantha aakulu, kusokonezeka mutu, ngakhale kuona zinthu zomwe palibe.

M'bandakucha wa tsiku lachitatu anazula kachitsulo ka pazenera n'kutuluka. Pofika 9 koloko anabwera yekha, akuseka, manja osanjenjemera, n'kupempha phala. Palibe anamufunsa kumene anapita.

Njira yachiwiri inandidyera ndalama imene ndinkasungira makina a ovaloko. Mnzanga wina anandilozera kachipatala kena kolipira kumene anatilonjeza kuti amutsuka magazi. Anamuika madiripi motsatizana, n'kumamubaya jakisoni wogonetsa, masiku asanu. Tsiku lomutulutsa bambo wa jekete loyera anandigwira chanza n'kuti, "Magazi ayera tsopano, mayi." Palibe anamufunsa kuti anayamba bwanji, palibe anayang'ana mwendo, palibe anatiuza kuti tidzabwerenso liti. Amayi anapha nkhuku, tinaimba nyimbo ya chiyamiko, iwo n'kukwera basi ya ku Ntcheu mtima uli m'malo.

Anakhaladi milungu itatu osamwa. Sankagona, ankapsa mtima ndi kulira kwa mwana wake yemwe, ankakhala pakhonde maso ali gwa kumsewu. Ngongole sinadikire, choncho anabwerera pa siteji yomwe ija, moyang'anizana ndi kasitolo komwe kaja. Tsiku lina kutazizira anagula, n'kumwa mlingo wake wakale nthawi imodzi. Anamupeza kuseri kwa depoti atagwa, akuphupha, thovu lili kukamwa. Kuphupha kutaleka anangoti zii, akupuma mwapatalipatali, milomo itada. Amene anamunyamula n'kuthamangira naye kuchipatala ndi anzake a pa siteji, omwe aja amayi ankati amulodza.

Atatsitsimuka anatitumiza kwa namwino woona za matenda a maganizo, mayi wa msinkhu wanga, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka. Ndinamufotokozera zonse, za loko, za madiripi, ndi mtima wofuna kumva kuti tinayesetsa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mama, mankhwalawa thupi limawachotsa lokha. Chiwindi ndi impso zimagwira ntchito imeneyo m'masiku ochepa, osalipira. Diripi ndi madzi a mchere kapena a shuga. Imathandiza munthu amene madzi amuthera m'thupi, koma sichapa kanthu."

Ndinaganiza za makina anga a ovaloko.

Anandifotokozera kuti thupi limapanga lokha tizinthu topha ululu ndi tokhazika mtima pansi, ndipo mu ubongo muli malo amene tizinthuto timakhala. Mapiritsi amtunduwu amakhala pamalo omwewo, mwamphamvu kuposa ta thupi. Akakhalapo tsiku ndi tsiku kwa miyezi, ubongo umasintha kagwiridwe kake ka ntchito kuti uziyenda nawo. Ukawachotsa mwadzidzidzi chilichonse chimene ankachipondereza chimadzuka: matumbo, thukuta, mtima, ululu. Zowawa zimenezi zimayamba pasanathe tsiku, zimafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo zambiri zimazilala pakati pa masiku 4 ndi 10. Mlongo wanga anathawa pazenera ali pamwamba penipeni pa phiri. Koma kusowa tulo, kukhumudwa ndi chibaba zimatha kukhalapo milungu kapena miyezi, ndipo pamenepo ndi pamene ambiri amagwa.

Kenako ananena chimene chinandiuma pakhosi. Munthu akakhala milungu ingapo osamwa, thupi limaiwala mlingo wakale. Anati taganizani mnyamata wonyamula matumba a chimanga a 50 kg tsiku lililonse mumsika, akadwala mwezi wathunthu n'kubwera kudzasenza thumba lomwelo tsiku loyamba. Mlingo umene kale unkangomudzutsa m'mawa, pambuyo pa kusiya utha kuimitsa kupuma. Tramadol amaonjezanso ngozi yake, chifukwa akachuluka amagwetsa munthu ngati wakhunyu. Ndiye kuti milungu itatu imene tinaiphera nkhuku ija ndi imene inamufikitsa pafupi ndi manda, chifukwa palibe anamuchenjeza, ndipo palibe chimene chinakonzedwa choti chimugwire atatuluka.

Pa ntchito yanga chitenje umayamba wachichapa usanachidule, kuti chikafupika chifupikiretu. Koma palibe kasitomala amene angakulipire chifukwa wamuchapira nsalu. Chimene amachitcha detox ndi kuchapa kumeneko. Ife tinachapa kawiri, n'kumadabwa kuti diresi silikuoneka.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufunsa kwambiri, mpaka anamwino ankaseka akandiona ndi kope langa la miyeso ya makasitomala, kumapeto kwake nditalembako mayina a mankhwala. Safunsa anadya phula, ine phula ndinali nditadya kale lokwanira.

Njira imene anasankhira mlongo wanga ndi yochepetsa pang'onopang'ono. M'malo modula nthawi imodzi, dokotala amaika mlingo n'kumautsitsa mwadongosolo, mapiritsi akusungidwa ndi munthu wina, osati wodwalayo. Pambali pake amapereka othandiza zowawa: madzi a Thanzi obwezera amene atayika, mankhwala oletsa kutsekula ndi oletsa kusanza, panado ndi bulufeni za kuphwanya kwa thupi. Aliponso ena otchedwa clonidine, amene kwenikweni ndi a BP koma amachepetsa thukuta, kunjenjemera ndi kusakhazikika. Amenewa amafuna kuti wina azimuyeza BP pafupipafupi chifukwa amatha kuitsitsa kwambiri, si ogula pakauntala n'kukamwera kunyumba. Ndipo ndichenjeze za diazepam, amene ambiri amamudziwa kuti valiyamu. Mabanja ambiri amamugula kuti wodwala agoneko. Akakumana m'thupi ndi tramadol, codeine kapena mowa, onse amathandizana kufooketsa kupuma, komanso iye mwini amakola munthu ngati anzakewo.

Ndinamvanso za methadone ndi buprenorphine, ndipo apa mpamene tinakangana ndi abambo akunyumba kwathu. Awa ndi mankhwala a m'banja lomwelo, koma amakhala nthawi yaitali m'thupi, ndipo akaperekedwa pa mlingo woyenera munthu saledzera nawo, sadwala chifukwa chosowa, chibaba chimachepa, amatha kugwira ntchito. Amamwedwa tsiku lililonse kwa miyezi yambiri kapena zaka. Abambo anati kumeneko ndi kuthamangitsa chiwanda ndi chiwanda chinzake. Ine poyamba ndinagwirizana nawo. Koma taganizani bwino. Tili ndi abale amene amamwa ma ARV m'mawa uliwonse, ena a shuga, ena a BP, ndipo palibe amawanena kuti alephera kupirira. Kwa munthu amene wakodwa kwambiri, makamaka wa heroin kapena amene wayesa kusiya kambirimbiri n'kumabwerera, mankhwala awiriwa ndi amene aonetsa kuti amachepetsa imfa kuposa kungosiyitsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2005. Anzathu a ku Tanzania anayamba kupereka methadone pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011, ndipo pano amaperekanso ku Mbeya, komwe kwa ife a ku Mzuzu n'kufupi kuposa ku Zomba. Musathamangire pasipoti, chifukwa methadone munthu amakamwera kuchipatala tsiku ndi tsiku, si wokatenga ngati katundu wa ku Kyela. Chimene mungachite n'kufunsa dokotala amene akuona wodwala wanu ngati njira imeneyi ikumuyenera, ngati ingapezeke, ndiponso ngati ingapezeke mosadukiza. Kuyamba n'kudukiza pakati n'kubwerera pangozi ija ya thumba la chimanga. Buprenorphine ali ndi khalidwe lake: amayambidwa munthu atayamba kale kumva zowawa za kusiya, apo ayi amazibweretsa zonse nthawi imodzi. Methadone naye amafooketsedwa ndi rifampicin wa m'mankhwala a TB, choncho dokotala ayenera kudziwa chilichonse chimene wodwala akumwa.

Palinso naltrexone, amene amatseka malo aja mu ubongo kuti ngakhale munthu amwe asamve kanthu. Amafuna kuti munthu akhale atatha masiku 7 mpaka 10 osalawa n'komwe, ndipo amathandiza yekhayo amene akumumwadi. Akamuleka mwakachetechete n'kubwerera ku zakale, thupi limakhala lopanda chitetezo chilichonse. Za kugonetsa munthu ndi mankhwala a ku fiyeta kuti adzuke zonse zitatha, zimene mungazione zikutsatsidwa pa intaneti ndi zipatala zakunja, WHO imaletsa, chifukwa anthu afapo nazo ndipo sizichepetsa kubwerera.

Funso loti agonekedwe kapena aziyendera linayankhidwa ndi mbiri yake. Anali atagwapo ngati wakhunyu, anali atalephera kawiri, ndipo atapanikizidwa anaulula kuti madzulo ankaonjezera kachasu kuti agone. Namwino uja atamva za kachasu anaika cholembera pansi. Anati kusiya tramadol kapena codeine kumazunza koopsa koma nthawi zambiri sikupha, pokhapokha madzi atamuthera munthu m'thupi kapena ali ndi matenda ena. Koma munthu amene thupi lake linazolowera mowa wambiri tsiku lililonse, kuusiya mwadzidzidzi kutha kumugwetsa, kumusokoneza mutu, ngakhale kumupha. Ndinakumbukira loko uja, ndi ine nditakhala panja pa chitseko ndi Baibulo, osadziwa kuti ndatsekera zinthu ziwiri m'chipinda chimodzi. Wodwala wanu akamabisa za mowa chifukwa cha manyazi, nenani ndinu. Chimodzimodzi mayi woyembekezera: asasiye yekha mwadzidzidzi, chifukwa zowawa zija zimafika kwa mwana ndipo mimba itha kuchoka. Apite kusikelo akanene zoona.

Amene ali ndi pokhala pabata, womusungira mankhwala wokhulupirika, wosamwa mowa ndi wosagwapo, atha kuthandizidwa akuyendera kuchokera kunyumba, ndipo ntchito yake siima. Si aliyense wofunika bedi.

Makomo oti mugogode alipo. Ku Mzuzu Central Hospital ku Luwinga kuli anthu oona za matenda a maganizo. Ku Katoto kuli St John of God, imene abale achikatolika ochokera ku Ireland anaiyamba kuno mu 1993, ndipo imathandiza odwala maganizo pamodzi ndi okodwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Chimene chimatitsekereza ambiri si mtunda, ndi dzina. Amayi atamva kumene tikupita analira pafoni. "Mwana wanga si wamisala." Inenso tsiku loyamba ndinafunda chitenje kumutu ngati kukuzizira kwambiri, kuopa kukumana ndi kasitomala. Ndinakumana naye ndithu, atakhala pa benchi ndi mwana wake wamkazi. Tinapatsana moni wa maso, ndipo mpaka lero akabwera kudzayezetsa diresi nkhaniyo sitiitchula.

Mukamasankha malo, kaya aboma, amishoni kapena olipira, musayambe ndi kufunsa kuti atenga masiku angati. Ine ndinaphunzira kuyamba ndi kumapeto: mukamutulutsa, Lolemba lotsatira adzaonana ndi ndani? Akakuyankhani kuti sipadzafunika chifukwa adzakhala atachira, nyamulani chikwama chanu. Funsani kuti usiku kumagona ndani, ndi dokotala kapena namwino wovomerezeka ndi Medical Council kapena bungwe la anamwino ndi azamba, kapena ndi mlonda chabe? Munthu akagwa n'kuyamba kuphupha 2 koloko usiku, achita chiyani? Funsani ngati amayeza zina, HIV, matenda a chiwindi, TB, ndi ngati amafufuza za kukhumudwa ndi maganizo ofuna kudzipha, chifukwa masiku oyamba aja mtima umada kwambiri. Funsani ngati adzaona chimene chinayambitsa, kwa ife mwendo uja. Ndipo funsani ili, limene limaulula mtima wa malowo: akadzaterereka n'kumwanso, mudzamulandira kapena mudzamuthamangitsa? Kumene amamanga anthu maunyolo, kuwakwapula, kapena kusalitsa chakudya ndi madzi munthu amene akusanza ndi kutsekula, musasiyeko m'bale wanu ngakhale pakhomo patalembedwa vesi.

Ndisamveke ngati wonyoza pemphero. Ndine wa Mvano, kuno amati Umanyano, ndipo azimayi anzanga anasinthana kundiperekeza ndi kundiphikira masiku onse amene ndinali pa msewu wa kuchipatala. Amayi tinagwirizana nawo kuti iwo agwire mbali ya maondo, ife tigwire ya mankhwala, ndipo wina asaletse mnzake. Amalume sanakhutire mpaka lero. Amati tikanabwera naye kumudzi zikanatha sabata imodzi.

China chimene ndikanakonda ndikanachidziwa kale, ndipo ndinakawauza anyamata a pa siteji aja nditawagulira fanta ndi mabanzi. Munthu amene wamwa mopitirira mankhwala amtunduwu umamudziwa ndi zitatu: sadzuka ngakhale umugwedeze, amapuma mwapatalipatali kapena kuliza mkonono wachilendo, ndipo kadontho kakuda ka m'diso kamachepa ngati nsonga ya singano. Musamusiye kuti agone ziphwe. Musamuthire mkaka kapena madzi m'kamwa, atsamwa. Akamaphupha musamulowetse supuni pakati pa mano. Mugonekeni chammbali, ndipo thamangani naye kuchipatala mutanyamula timapepala ta zimene wamwa. Kuli jakisoni wotchedwa naloxone amene amabweza kupuma m'mphindi zochepa. Mphamvu yake imatha pakati pa mphindi 30 ndi 90, mapiritsi aja akadali m'thupi, choncho munthu akatsegula maso si nthawi yopita naye kunyumba. Kuphupha kwa tramadol naloxone saletsa, kumafuna chithandizo china.

Mlongo wanga anagonekedwa pafupifupi mwezi. Za masiku amenewo ndilibe zambiri zonena, anali ovuta koma osafanana ndi a m'chipinda changa. Ntchito yeniyeni inayamba atatuluka, ndipo ndi yosasangalatsa kuifotokoza chifukwa ndi yobwerezabwereza. Kukaonana ndi phungu sabata iliyonse, ngakhale tsiku limene kuli makasitomala ambiri. Kukhala pa gulu ndi anzake amene akulimbana ndi zofanana, ambiri a mowa ndi chamba, kumene anati kwa nthawi yoyamba ananena nambala yeniyeni ya makapisozi popanda wina kugwira pakamwa. Mafizo a mwendo, amene akanayenera kuchitika 2022 yomwe ija. Anasamuka siteji, anapita ina ya kutali ndi kasitolo kaja, ngakhale kuti ndalama zake n'zocheperapo. Ndalama za tsiku amapereka kwa mlamu wanga madzulo, iye n'kutsala ndi ya mafuta. Zimenezi anazisankha yekha pamaso pa phungu, ndipo masiku ena zimamuwawa, amati wasanduka mwana m'nyumba yake yomwe. Ifenso anatiitana kangapo, ine ndi mlamu wanga, n'kutiuza zathu: kuti ndisiye kumubwezera ngongole mwakabisira, ndisiye kumununkhiza ndi kumusecha m'matumba ngati wapolisi. Choyambacho ndinasiya. Chachiwiricho ndikuyesetsa.

Mwezi wachinayi anaterereka. Kunali maliro a mnzake wa kabaza amene anagundidwa ndi galimoto, anachezera kusiwa usiku wonse kukuzizira, wina n'kumupatsa. Anamwa awiri. Anandiuza kuti dzanja linkafuna ena, koma m'mutu munkamveka za thumba la chimanga lija. M'mawa mwake anauza mkazi wake yekha, ndipo tsiku lomwelo anapita kwa phungu, amene sanamukalipire, anangokhala naye pansi n'kuyamba kufufuza kuti usikuwo unayenda bwanji, ola ndi ola. Ine ndinalira tsiku lonse, ndinasoka mkono wa bulauzi chagada. Kale ndikanati zonse zapita m'madzi, tiyambirenso kufuna wotsuka magazi wina.

Tulo take tinabwerera pang'onopang'ono, patatha miyezi. Thupi labwerera, thalauza limene ndinamubweza m'chiuno chaka chatha ndalimasulanso.

Mwezi wathawu dzino lakumapeto linamuvuta, tsaya linatupa ngati waika bonzi m'kamwa. Ndinamuperekeza kokachotsa, iye akukana kuti si mwana. Pa tsamba loyamba la kabuku kake ka kuchipatala namwino uja analembapo ndi cholembera chofiira za vuto lake, koma adokotala a mano anatsegula pakati, n'kuyamba kulemba mankhwala. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilankhule. Iye anandigwira mkono, thonje lili m'kamwa, mawu akutuluka mopotoka.

"Adokotala, pepani, taonani kaye tsamba loyambalo. Tramadol ndi codeine ine ayi. Mundipatse panado ndi bulufeni."

Usiku umenewo anagona kwathu chifukwa kunada. Ndinkamumva akutembenuka pa mphasa m'chipinda chosokeramo chija, chimene zenera lake kachitsulo kamodzi sitinabwezeretsebe. Cha m'ma 3 koloko anadzuka, ndinamva chitseko cha kukhitchini. Ndinakhala tsonga pabedi, kumvetsera. Anatenthetsa madzi, anathiramo mchere, anachukucha m'kamwa, n'kubwerera kukagona.